Tsamba la Sosina

Lamlungu, 17 mwezi wa Tikimt

Sosina wapita ku Addis ndi basi ya m'mamawa. Zikwama ziwiri, ambulera, ndi kolo, barele wokukuta amene ndinamukazingira dzulo. Abwera Lachinayi. Akukamva ngati okonza chionetsero chija amulandira. Ndikati chionetsero cha mikanda amakwiya, akuti si mikanda, ndi ntchito. Chabwino, ntchito. Mwana amene ndinamuphunzitsa masamu ndekha mpaka analowa kubanki, lero ali ndi zaka 34 ndipo zala zake zili ngati za wogulitsa makala.

Ntchitoyo waisiya m'kabokosi, m'kabati yanga. Basi isanafike n'komwe ku Kombolcha, ine ndinali nditatsekula kale kabokosiko.

Ndi tsamba la bulugamu. Mwala wonyezimira wa opalo wochokera kumapiri a Delanta, wausema miyezi isanu ndi iwiri mpaka wasanduka tsamba: lopindika, mtsempha pakati, lopyapyala moti m'mphepete umaona chala chako kuseri. Ngakhale kabowo kodyedwa ndi mbozi kalipo. Tsamba lenileni analitola pamanda a bambo ake, n'kumasema akuliyang'ana. Likulendewera pa timawaya ta siliva 41 (ndawerenga kawiri), siliva wa ndalama zakale za apongozi anga. Ukalitembenuza, moto umayenda m'kati mwake. Wobiriwira, wofiira, kenaka mtundu wina umene ndilibe dzina lake.

Ndi lokongola. Ndalemba pano chifukwa kwa iye sindinanene.

Mulungu anatenga mwamuna wanga Gebeyehu n'kundisiyira mlongo wake, a Lakech. A Lakech anandipeza ndikuyang'ana, anasuzumira ndi paphewa panga.

"Siliva yense wa amayi anga wathera pa tsamba? Lodyedwanso ndi mbozi! Kuseri kwa chimbudzi aliko chikwi, aulere."

Sanalikhudze. Anabisa manja m'nsalu.

Lolemba, 18 Tikimt

Khofi wa masana: azimayi anayi. S. ali kubanki ankabwera asanu ndi anayi, mbuliwuli kuchita kuperewera. Palibe wanena chifukwa. Wina miyendo, wina adzukulu. Miyendo yonseyi inayamba kupweteka mwezi umene S. anayamba kuphunzira kusula siliva kwa mkulu wina, Gash Endris, kumsika.

Alendo atapita, a Lakech anasendeza mpando.

"Aphunzitsi." Akanditchula choncho ndiye kuti kukubwera nkhani. "Lachisanu Mahlet wanga avala chinthu chija pojambulitsa, eti?"

Ndinati inde. A chionetsero akufuna chithunzi chili m'khosi mwa munthu, ndipo mdzukulu wawoyo ali ndi khosi lalitali.

"Ali ndi khosi lalitali, alinso ndi pakati pa miyezi itatu. Chinthu chadutsa pa chipala cha Endris, anthu a moto achipumira, achiyang'ana ndi maso awo aja, ndiye chikagone pachifuwa cha mwana wapakati? Ine ndili moyo?"

Ndinati alamu, za buda, zoti osula amadya anthu ndi diso loipa, n'zabodza. Ndaphunzitsa zaka 36. Diso la munthu limalandira kuwala, silitulutsa kanthu, silingadye munthu, kaya ndi la wosula kaya ndi la wansembe.

"Eya. Nanga kakapu kaja kakutani pazenera?"

Timakapu tathu ta khofi tilipo 12 pathireyi. Ka 13 kamakhala pazenera, kali ndi kadontho kofiira ka utoto wa zikhadabo kunsi kwake. Ndi ka osula, oumba mbiya ndi ofufuta zikopa, akabwera kudzagulitsa kapena kudzakonza kanthu. Kadonthoko anapaka ndi a Lakech. Koma nyumba ndi yanga, ndipo zeneralo ndimapukuta ndine Loweruka lililonse.

"Mawa ndi tsiku la Gabiriyeli Woyera. Ndikatunga tsebel kutchalitchi, tichiviike, nkhani ithe. Madzi odalitsidwa anaphapo ndani?"

Ndaganiza monga mwa masamu. M'chipinda chake chogwiriramo ntchito sindilowamo, koma ndikamadutsa pakhomo ndinkaona madontho akugwera pamwalawo tsiku lonse iye akusema. Chimene chasamba miyezi isanu ndi iwiri sichingafe ndi kusamba kumodzi. Ndiponso azimayi akamva kuti chinalowa m'tsebel, mwina miyendo ina ichira.

Ndalola.

Lachiwiri, 19 Tikimt

Kutchalitchi kunali anthu osati masewera. Maambulera a ansembe 14. A L. anatunga botolo lawo la malita awiri, kunyumba anathira m'botolo la uchi lotsuka bwino, n'kunyamula mkandawo ndi mpango, osati ndi dzanja. Phuu, m'madzi. Akuti ugone momwemo, pakuti choipa sichituluka ndi kusamba kwa mbalame.

S. anaimba foni. Mawu ake okoma, akuti mawa ndiye okonza chionetsero aona zithunzi za ntchito zake zakale. Anafunsa ngati ndamwa mankhwala a magazi. Za kabokosi sanafunse, inenso sindinanene.

Lachitatu, 20 Tikimt

Moto wazima.

M'botolo siliva ndinamuona, timawaya tonse 41. Tsamba ndinachita kulifufuza ndi chala. Langokhala ngati chidutswa cha galasi. Chobiriwira palibe, chofiira palibe. Ndinalitembenuza kuwala, kumthunzi, kuwala. Zii.

A L. anagwada n'kupsompsona pansi.

"Mwaona, Aphunzitsi? Mwaona ndi maso anu a sukuluwo? Chija chinkayendayenda m'katimo chatuluka! Inu munkati ndi kukongola. Mwala wanji umakuyang'ana ukauyang'ana?"

Ndinati alamu, chimene chatulukacho ndi miyezi isanu ndi iwiri ya mwana wanga.

"Aa, ukauma ukhala bwino. Tsabola amauma, mwala ungakanike?"

Ndinalowa kukavala. Ndinatenga foni, kuiika pansi, kuitenganso. Potuluka ndinapeza auyanika pazenera, padzuwa, ndi mphepo youma ya Tikimt ija. Siliva anali atatentha. Unakhalapo nthawi yaitali bwanji? Sindikudziwa. Ine amene ndimadziwa kuti m'bokosi mwatsala machesi angati, ichi sindikudziwa.

Ndinaukulunga m'mpango n'kukwera bajaji, kagalimoto ka mawilo atatu, kupita kwa Gash Endris. Ndadutsa pakhomo limenelo moyo wanga wonse, lero ndi pamene ndalowa. Kachipinda kochepa, fungo la makala, mvukuto, timanyundo pakhoma. Anaimirira, napukuta mpando ndi mkono wa malaya.

"Amake Sosina! Lero mvula igwa mu Tikimt."

Ndinafunyulula mpango. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Siliva ali bwino. Koma mwala, mayi, ndisakunamizeni. Ine ndimadziwa zinthu zosungunuka. Miyalayi ndi misala ya mwana wanu, anaiphunzira yekha. Chagwa n'chiyani?"

"Tsebel."

Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

"Mukanabwera kudzatenga ineyo n'kundiviika. Ine sinding'aluka, ndinayesedwa kale."

Anaseka yekha. Kenaka anati atumize tiyi. Ndinati ndikusala, lero ndi Lachitatu. N'zoona ndithu. Koma tonse awiri tinadziwa kuti Lachitatu landithandiza.

Lachinayi, 21 Tikimt

S. anayambira kugeti kufuula. "Emaye! Mayi anga! Andilandira!" Ntchito ikafike ku Addis pofika pa 12 Hidar, mwezi wamawa. Wandigulira nsalu yofunda yoyera, ya mphonje zobiriwira. Anandifunditsa yekha, n'kumandizungulitsa ngati mkwatibwi.

Ndinamusiya amalize kuseka. Kenaka ndinabweretsa kabokosi.

Sanakuwe. Bwenzi atakuwa. Anapita nako kuchipinda chake, ine ndinaima pakhomo. Anamasula siliva pang'onopang'ono ndi kambaniro, anachotsa tsamba, kuliika pasikelo yake yaing'ono ija.

"10.16. Louma linali 9.41."

Analankhula osandiyang'ana, ngati akuuza khoma. Akuti mwala wa ku Delanta umamwa madzi, ndipo ukamwa moto umabisala. Posema umamwadi, koma pamenepo unali wonenepa, wopanda chougwira, ndipo atamaliza anauumitsa milungu itatu mumphika wovundikira asanauveke siliva. Tsopano ndi wopyapyala, ndipo wamwa uli wopanidwa.

"Likauma pang'onopang'ono, moto ubwerera. Likauma mothamanga, ling'aluka. Simunaliike padzuwa, eti?"

Ndisanatsekule pakamwa a L. anali kale kumbuyo kwanga.

"Pang'ono pokha, kuti lichite msanga. Ndipo uyamike, mwana iwe. Ndinakatunga ndekha kwa Gabiriyeli, pamzere, ndi mawondo angawa."

S. anawayang'ana, kenaka ine.

"Emaye, munadziwa?"

Ndikanatha kunena kuti ndinali kumsika. A L. akanandibisa, amakonda kusenza ulemu okha.

"Ndinalola."

"Chifukwa?"

"Ndinati madzi sangaliwononge."

"Sindikufunsa za madzi. Ndikufunsa chimene munkatsuka."

A L. anati si iwe, mwana wa mchimwene wanga, ndi kumene umapitako, utsi wa kumeneko umamatirira.

"Etiye, azakhali anga, kakapu ka pazenera mwakhala mukundipatsa kuyambira pa Fasika, Pasaka yapitayi. Mumayesa sindiyang'ana kunsi?" Anatembenukira kwa ine. "Inunso simunaone, Emaye?"

Munthu wowerenga timakapu sangalephere kuona.

Tsamba waliika mumphika wadothi, pa kansalu, wavundikira, wauika pansi pa bedi langa kumene kuli kozizira. Akuti usasunthidwe, ngakhale kupita nawo kwina sikungatheke mpaka litauma. Sikelo wandisiyira.

"Muziliyeza m'mawa uliwonse, muzinditumizira nambala pafoni. Kuwerenga ndiye mumatha. Likafika pa 9.41 ndidzalitenga, ndi benchi langa lomwe. Ku Addis andiuza kuti malo alipo ndikafuna."

Zikwama ziwiri zomwe zija sanazimasule. Wapita kwa mnzake Zebiba, kufupi ndi msika.

Nsalu ndaipinda. Ili m'kabati, pamene panali kabokosi.

Lachisanu, 22 Tikimt

9.95. Ndatumiza. Yankho: "Chabwino."

Mahlet sanabwere, palibe choti avale. Khofi wa masana: azimayi asanu ndi mmodzi. A L. afalitsa kale kuti chinthu chija chatulutsidwa m'nyumba muno. Miyendo ya awiri yachira, monga ndinawerengera. Khofi anandiwawa kukhosi.

Loweruka, 23 Tikimt

9.78.

S. anabwera cha m'ma 10. Anagwada pafupi ndi bedi, kuvundukula, kuyang'ana ndi galasi lake lokulitsa. Tsamba tsopano lachita mbuu, ngati mkaka wothira madzi. Ndinati laipiratu? Anati ayi, ndi mmene limayambira.

Ndinali nditaphika shiro wa batala, ndiwo ya ufa wa nsawawa, monga amakondera, ndi injera, mkate wathu, ya dzulo madzulo. Ndinati khala pansi udye.

"Ndadya kale."

Anatenga bulangete lake ndi nyundo zitatu. Zinali 11 pakhoma, zatsala 8. Ndawerenga ndili pakhomo.

Loweruka ndi tsiku lopukuta mazenera. La kakapu ndalidumpha.

Lamlungu, 24 Tikimt

9.64.

Kutsika kwake kukuchepa tsiku ndi tsiku: 21, 17, 14. Funso loti mwana wa giredi 8 angayankhe. Lachitatu lifika pa 9.41. Lachitatu mwana wanga adzanyamula benchi.

Ndiye ndikupempherera chiyani? Kuti liume bwino, ndipo apite nalo. Likang'aluka apitanso, wopanda kanthu m'manja. Masamu amenewa mbali zonse yankho ndi limodzi.

Ndilembe ichi. Nditabwera kumapemphero ndinakumbukira kuti dontho limodzi la madzi limalemera ngati 0.05. Madontho atatu m'mawa uliwonse, tsambalo silingaume mpaka Genna, Khirisimasi yathu. Iye azibwera, azigwada pafupi ndi bedi langa, azidabwa. Ndinatenga supuni. Ndinatunga madzi. Ndinavundukula mphika, supuni ili m'mwamba, dontho likulendewera kunsonga.

Kumchira kwa tsamba, pamene lapyapyala kwambiri, panali kanthu kobiriwira. Kakang'ono ngati njere ya tefu, kambewu ka ufa wa injera. Ndinapendeketsa mutu, kanathawa. Ndinabweza mutu, kanabwerera.

Madziwo ndinamwa ndekha. Ndavundikira.

Lolemba, 25 Tikimt

9.53. Chofiira chabweranso. A L. sindinawauze, angakatungenso.

Lachiwiri, 26 Tikimt

9.45. Moto wonse wabwerera, ndi mtundu uja wopanda dzina womwe.

Ndipo pali mng'alu.

Ukuchokera pa kabowo ka mbozi, kudutsa mtsempha wapakati, mpaka kufupi ndi mphepete inayo. Woonda ngati tsitsi. Ndinaupukuta ndi nsalu poyesa kuti ndi tsitsidi. Dzulo panalibe, ndikulumbira, ndinayang'ana.

Lero sindinatumize nambala, ndinaimba. Anafika akupuma wefuwefu. Galasi kudiso, tsamba pachikhatho, nthawi yaitali. Ndinafunsa ngati ndi dzuwa lija.

"Mwina dzuwa. Mwina siliva. Mwina unali m'katimo kuchokera kuphiri. Palibe angadziwe, Emaye, musavutike kuwerengera."

"Silingapite choncho?"

"Lithyoka m'khosi mwa munthu woyamba kutsokomola."

Analibwezera mumphika mosamala ngati likadali ndi ntchito. Ali pakhomo anati mawa madzulo abwera ndi Gash Endris ndi ngolo kudzatenga benchi. Mapewa ake potuluka pageti anali a bambo ake enieni, tsiku lija anachotsedwa ntchito.

Lachitatu, 27 Tikimt

9.41. Palibe amene ndamutumizira.

S. ndi Gash Endris anafika nthawi ya kusala itatha, khofi ali pambaula, lubani akufuka, azimayi asanu ndi mmodzi ali pamalo awo. Gash Endris anaima pabwalo pafupi ndi ngolo, chipewa m'manja, monga amaimira anthu a mtundu wake pakhomo la eni ake. Ndinatuluka.

"Gashe, lowani. Khofi ali pamoto."

"Mayi, hatchi ikudikira."

"Hatchi siinaitanidwe. Lowani."

Anayang'ana S. Iye anangokweza mapewa. Analowa, nakhala kumapeto kwa mpando ngati ukutentha. Nkhani za azimayi zinaduka pakati.

Othira khofi anali a L. Ndinawaona akutambasula dzanja kuzenera, kenaka akuima. Kakapu kamodzi, anthu a moto awiri. Masamu anawakanika.

Sindinakonzekere. Ndinangoona ndaimirira, ndawalanda kakapuko, ndalowa m'chipinda cha S. Ndalowa ndithu, mpaka pabenchi. Ndinatenga katupa kakang'ono, kubwerera pakati pa anthu, kutembenuza kakapu n'kuyamba kupala kadontho. Utoto wa zaka zambiri ndi wouma mutu. Phokoso lake linali lokhalo m'nyumba monse.

"Mwagwira molakwika," anatero S. "Kankhani kutsogolo kokha. Pobwerera nyamulani."

Ndinakankha kutsogolo kokha. Kanachoka.

Ndinatsuka kakapuko, kukaika pathireyi pakati pa tinzake, n'kuyamba kusinthanitsa. Aka uku, ako uko, kutembenuza thireyi, kusinthanitsanso, mpaka ine ndemwe ndinataya kumene kali.

"Thirani, alamu."

Mayi wina anakumbukira kuti wasiya nyemba pamoto. Mnzake anati amuthandize kuipula. Atsala anayi.

A L. anagwira jebena, mtsuko wa khofi, m'mwamba. "Askale, mwapenga? Ndiye ine ndimwere kati?"

"Sankhani. Mwayi wanu ndi 12 pa 13."

"Lero! Nanga mawa? Endris akamwera kena, mawa kena, pakutha pa mwezi tonse tikhala take!"

"Mwakhoza. Mukanabwera m'kalasi mwanga."

Gash Endris anatsokomola m'chipewa. A L. anathira, pakuti khofi akapsa sabwezedwa, koma iwo sanamwe. Zaka 22 tikukhala mpanda umodzi, sindinawaonepo akukana khofi woyamba. Anakhala manja m'nsalu, milomo yotupa. Gash Endris analandira ndi manja awiri, anati Bismillah, namwa. S. anamwa atayang'ana pansi. Sanatembenuze kakapu kuona kunsi.

Khofi wachiwiri ali pamoto, Gash Endris anapempha kuona tsamba. S. anabwera nalo. A L. anasuzumira ali patali, mkwiyo ukufuna potulukira.

"Ndiye maliro onsewa ndi a kamng'alu kameneko? Amayi anga chipanda cha mkaka chikang'aluka ankachisoka ndi ulusi, n'kugwiranso ntchito zaka khumi. Sokani tsamba lanulo, anthu a nzeru inu, mutipumitse."

Ananena monyoza. Koma ndinaona S. ndi Gash Endris akuyang'anana.

"Waya woonda ngati tsitsi ndingakoke," anatero mkuluyo pang'onopang'ono. "Siliva wa agogo ako watsalako."

"Kubowola opalo wong'aluka kale? Aphwanyika."

"Mwina."

"Ndipo pobowola ayenera kumwanso madzi. Kuumanso. Masiku ndi ochepa."

"Atsala 15," ndinatero ine. Palibe anandifunsa.

Khofi wachitatu atatha, Gash Endris anapita kukayesa benchi. Ananyamula mbali imodzi, kuitsitsa, kugwira msana. Akuti lero wakana, zaka zachuluka. Munthu amene ndinamuona ndi maso anga akutsitsa yekha thumba la makala pangolo yomweyo. Ngolo inabwerera yopanda kanthu.

S. wakagonabe kwa Zebiba. Za kakapu sananene kanthu.

Ndatsuka timakapu 13 m'beseni limodzi. A L. akumwera madzi m'chitini cha tomato.

Lachinayi, 28 Tikimt

S. anabwera m'mawa ndisanasese. Moni wochepa. Ndinamumva akusuntha zinthu m'chipinda chake, kenaka:

"Emaye, dzanja lanu limanjenjemera?"

Ndinati ayi.

"La Gash Endris limanjenjemera. Bwerani."

Akuti chodonthezera chake chakale n'chaukali, chingakankhe mng'alu. Pamafunika munthu. Dzanja limodzi iye agwira tsamba pa phula, linalo kobowolera, ine ndikhale kumanzere kwake pa kampando ndi kabotolo ka mankhwala a m'maso ka bambo ake, kamene ndinasunga osadziwa chifukwa. Tinakatsuka, tinathiramo madzi a pampopi.

"Muwerenge mpaka zisanu, dontho. Zisanu, dontho. Pansonga penipeni. Mukachedwa litentha, mukafulumira sindiona."

Kachitsulo kanayamba kulira ngati udzudzu. Dontho loyamba, lachiwiri. Pamene madzi ankagwera ndinaona moto ukuzimanso, chobiriwira chikuthawa.

"Musayang'ane mtundu. Yang'anani nsonga."

Ndinayang'ana nsonga. Mutu wake unali pafupi ndi wanga, tsitsi likununkha utsi wa makala. A L. anasesa pakhomo pathu pomwepo kanayi, pamalo poyera kale.

Bowo loyamba linatulukira kuseri. Tonse tinapuma. Lachiwiri, kufupi ndi mtsempha, panathetheka kachidutswa ngati mchenga, ndipo anazimitsa makina. Galasi kudiso. Ine kabotolo m'mwamba, osadziwa ngati ndipitirize kuwerenga.

"Lagwira," anatero. "Basi kwa lero, zala zauma."

Shiro wa dzulo anadya ataima, kenaka anakhala pansi kumalizira. Za ku Addis sananene, ine sindinafunse. Popita anati mawa ndivale chovala chakale, fumbi la mwala silichoka, ndipo ndiwenge chikhadabo cha chala chachikulu chifukwa chikumutchinga kuwala.

Ndawenga.

Mabowo akufunika asanu ndi atatu. Tabowola awiri.